Akufuna kulemba mwana wa mng'ono wanga mu kafukufuku, kodi anthu amenewa amawayang'anira ndani?

Nankhoma_BT

Abale ndithandizeni nzeru pano. Mng'ono wanga anapita kusikelo ndi mwana wake wa miyezi 7, ali pamzere kunabwera mayi wina wa ka ID pakhosi nkumuitanira pambali, akuti pali kafukufuku wa mankhwala oteteza ana ku malungo ndiye mwanayu msinkhu wake ukukwanira. Kunena zoona sanamukakamize, anangomupatsa mapepala a Chichewa masamba ambirimbiri kuti akawerenge kunyumba, akambirane ndi bambo a mwana, akafuna abwerenso sabata yamawa. M'mapepalamo alembamo kuti mwana azimutenga magazi maulendo angapo, ulendo uliwonse azipereka ya thiransipoti, akadwala azimuona iwowo osalipira, komanso pali pena akuti magazi ena atha kupita kunja kukayezedwa. Apa mpomwe nyumba yagawanikana. Mlamu wanga wakanitsitsa akuti mwana wanga si mbewa yoyeserapo mankhwala a azungu, mayi athu akuti awa ndi anamapopa omwe aja angovala yunifomu, pomwe mwini wake mtima uli komweko chifukwa mwanayu malungo amugwira kale kawiri ndipo ulendo wachiwiriwo anangomulembera kuti mankhwala akagule yekha ku famase.

Ine sindikudziwa mbali yoti ndiime. Chomwe ndikufuna kudziwa nchakuti ochita kafukufukuwa alipo amene amawayang'anira, kapena munthu akakhala ndi ndalama ndi galimoto ya logo basi amangoyamba? Ukasayina kenako wasintha maganizo amakulola kutuluka? Nanga mwana zitamuvuta chifukwa cha mankhwalawo amalipira ndani? Amene munagwirako ntchito zimenezi kapena munalowako chonde tiuzeni zenizeni.

Nesi_Nabanda

Asisi, ine ndagwira unesi m'makafukufuku kwa zaka ndithu nde ndiyankha zomwe ndikudziwa, za kulowa kapena kusalowa asankha okha makolo a mwana.

Oyang'anira alipo. Kuno kwathu kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu saloledwa kuyamba asanadutse ku komiti yowunika, zodziwika kwambiri ndi NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo ku Lilongwe ndi COMREC ya ku KUHeS ku Blantyre, ndipo pamwamba pawo pali bungwe la boma loona za sayansi la NCST lomwe lamulo la sayansi la 2003 linalipatsa mphamvu pa kafukufuku m'dziko muno. Ngati muli mankhwala kapena katemera woyesedwa a PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, nawonso amayenera avomereze paokha. M'makomitimo simukhala madokotala okhaokha, mumakhalanso anthu oti si a zachipatala, ndipo amabweza mapepala kangapo konse, ndinaonapo kafukufuku akuchedwa miyezi chifukwa komiti yakana kuchuluka kwa magazi omwe ankafuna kutenga kwa ana. Chilolezocho si chamuyaya ayi, chaka chikatha umakapemphanso utanyamula lipoti la mmene zayendera.

Tsono chitani izi lero lomwe, tengani mapepalawo muwayang'anitsitse. Fomu yeniyeni imakhala ndi chidindo cha komiti ndi deti, dzina la mkulu wa kafukufukuyo ndi foni yake, ndipo chakumapeto pamakhala nambala ina ya ku komiti yoti muimbe mukakhala ndi funso kapena dandaulo. Nambala yachiwiriyo ndiye yofunika kwambiri chifukwa woyankhayo si wantchito wa kafukufukuyo. Ambiri saimba, amangopinda pepala nkulitsekera mu buku la kusikelo mpaka kung'ambika. Ngati chidindo palibe, nambala palibe, asasayine chilichonse.

Kutuluka amatuluka, tsiku lililonse, osapereka chifukwa, ndipo chithandizo cha masiku onse kuchipatala palibe angamumane mwana chifukwa mayi wakana kapena watuluka. Si chifundo cha ofufuza chimenechi, malamulo aakulu a dziko lino pa gawo 19 ananeneratu kuti munthu asayeseredwe za chipatala kapena za sayansi iye asanavomere. Timangopempha kuti ngati mwana anamwa kale mankhwala abwere kamodzi timuone kuti ali bwanji, koma nazonso atha kukana. Wosatha kuwerenga timamuwerengera pali mboni yoti si ya kafukufuku, iye amadinda chala mboni nkusayina, ndipo pepala lina amapita nalo kunyumba.

Za kuvulala, kafukufuku woyesa mankhwala amayenera kukhala ndi inshuwaransi ya otenga nawo mbali, ndipo pafomupo payenera kulembedwa chomwe chingachitike mwana atavulala. Pezani ndime imeneyo muiwerenge kawiri. Mwana akagonekedwa, kapena Mulungu asalole wamwalira, ngakhale chikhale chifukwa cha ngozi ya kabaza yosakhudzana ndi mankhwala, lipoti limayenera kupita kwa eni kafukufuku pasanathe maola 24 titamva, kenako ku komiti. Palinso kagulu ka akatswiri oima paokha kotchedwa DSMB komwe kamasuzumira zotsatira kafukufuku ali mkati, ife ogwira ntchitofe tisakuziona, ndipo kali ndi mphamvu yonena kuti imani. Sikangoimitsa pa zoipa zokha. Mu kafukufuku wa HPTN 052, yemwe Lilongwe ndi Blantyre anali nawo, mu 2011 kaguluko kataona kuti kuyamba ma ARV msanga kukuchepetsa kupatsirana HIV pakati pa mwamuna ndi mkazi ndi 96 peresenti, kananena kuti zotsatira zilengezedwe pompo, ndipo aja anali mu gulu lodikira nawonso anauzidwa kuti atha kuyamba mankhwala, osadikira zaka zomwe zinatsala.

Mayi anu auzeni kuti magaziwo ndi a m'timachubu, kwa khanda chonchi kawirikawiri sapitirira sipuni ya tiyi pa ulendo umodzi, ndipo mlingo wake pafomu ulipo.

Mjoni_Chatsika

Kkkk a nesi mwafotokoza bwino koma tisanamizane, chidindo ndi inki basi. Ku Tuskegee ku America kuyambira 1932 mpaka 1972 ochita kafukufuku sanali achigawenga a m'tchire, anali a zaumoyo a boma lenilenilo, anasunga amuna akuda 399 odwala chindoko osawauza matenda awo, penicillin atayamba kuchiza matendawa cha m'ma 1940 anawabisira dala kuti aone mmene chindoko chimamuthera munthu. Zaka 40 abale. Ndipo mukudziwa ankawapatsa chiyani? Chakudya chaulere, kuwanyamula ulele kupita kukayezedwa, ndi thandizo la maliro. Mwamva eti, thiransipoti yomweyi. Pepani wa pulezidenti Clinton anabwera 1997 ambiri ali kale m'manda.

Ngati kumeneko nkutali bwerani kuno ku Africa. Ku Kano ku Nigeria 1996 kuli mliri wa matenda oumitsa khosi, kampani ya mankhwala ya Pfizer inachita kafukufuku wa mankhwala a Trovan pa ana 200, ana 11 anamwalira, makolo ankati palibe anawauza kuti ndi zoyesa, ndipo kalata yosonyeza kuti komiti inavomereza inadzapezeka kuti inalembedwa pambuyo nkubwezedwa deti. Kampani inakana kuti sinalakwe koma 2009 inagwirizana ndi boma la Kano zolipira madola 75 miliyoni. Mu 2020 nthawi ya COVID-19 madokotala awiri a ku France anayankhula pa TV poyera kuti bwanji katemera akayesedwe ku Africa komwe kulibe ma mask ndi zipatala zabwino, mpaka Tedros, mkulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, anachita kuwadzudzula.

Nde mlamu wanuyo musamuone ngati mbuli, akuganiza bwino mkuluyo. Komanso Malawi ndi dziko laling'ono, wowunika ndi wowunikidwa anaphunzira kalasi imodzi, amakumana ku ukwati ndi kumaliro, ndipo ofufuzawo amalipira fizi ku komiti kuti awunikidwe. Inuyo mukuona kuti nkophweka kukaniza mnzako kafukufuku wobweretsa ntchito za anthu mahandiredi? Ine mwana wanga ayi ndithu.

Dokotala_Mawa

Achimwene Chatsika zomwe mwanenazo ndi zoona zokhazokha ndipo kusukulu timaziphunzira ndendende, si zobisa. Kungoti mwasiyira panjira. Malamulo onse omwe a nesi atchulawa anabadwa chifukwa cha zonyansa ngati zimenezo. Madokotala a boma la Nazi ku Germany atazengedwa mlandu woyesera zinthu pa akaidi kunatuluka malamulo a Nuremberg mu 1947 ndipo mfundo yoyamba yeniyeni ndi yoti munthu avomere yekha mosakakamizidwa. 1964 bungwe la madokotala padziko lonse linatulutsa chikalata cha Helsinki, chomwe chakhala chikukonzedwanso mpaka 2024. Za Tuskegee zitaululika m'nyuzipepala 1972, America inapanga lamulo mu 1974 lokhudza makomiti owunika, kenako 1979 kunabwera lipoti la Belmont lomwe linamanga zonse pa mfundo zitatu, kulemekeza munthu kuti asankhe yekha, kuonetsetsa kuti phindu likuposa chiopsezo, ndi chilungamo poti osauka asamangosenza chiopsezo olemera nkumadya phindu. Pa za Kano ndingowonjezera kuti mwa ana 11 aja, 5 anali pa Trovan 6 pa mankhwala enawo, choncho mlandu waukulu unali pa chilolezo ndi kayendetsedwe kake.

Koma a Nankhoma, funso lomwe ine ndingafune mng'ono wanu akafunse palibe walitchula pano. Mwanayo adzakhala gulu liti, ndipo gulu linalo likulandira chiyani? Makafukufuku ambiri oyesa mankhwala amagawa anthu pawiri pochita maere pa kompyuta, mayi sasankha, nesi sasankha, ndipo nthawi zambiri onse sadziwa mpaka kumapeto. Nde mng'ono wanuyo ngati akulowa ndi mtima woti mwana wanga apeza mankhwala atsopano oteteza malungo, adziwiretu kuti mwina sawapeza, ndipo ngakhale awapeze palibe akudziwa ngati akugwira, chifukwa akanadziwa sakanachita kafukufuku. Anthu ambiri amasayina ali ndi maganizo oti dokotala wandisankhira chabwino kwa ine, pomwe cholinga cha kafukufuku nkupeza yankho lothandiza ana a mawa. Neti asasiye kumugoneka mwanayo.

Nkhani ya gulu linalo inavutapo kwambiri. 1994 zinadziwika kale kuti mankhwala a AZT amachepetsa kupatsira mwana HIV kuchokera kwa mayi, koma zaka zotsatira makafukufuku ena ku Africa ndi ku Thailand ankayesa AZT ya masiku ochepa poyerekeza ndi placebo, mapiritsi opanda mankhwala aja, kwa amayi oyembekezera. 1997 mkangano unabuka, ena akuti ku America simungayerekeze kuchita zimenezi nanga bwanji kwa osauka, ofufuzawo akuti m'maiko amenewo amayi sankalandira kanthu ndi kale ndipo mlingo wa ku America unali wodula woti boma silingakwanitse. Mpaka lero akuluakulu sagwirizana kwenikweni, koma Helsinki ya 2000 inakhwimitsa, kuti pomwe pali mankhwala odziwika kale kuti amagwira, chatsopano uchiyerekeze ndi amenewo.

Chitsanzo chomwe ine chimandikhutitsa ndi cha katemera wa typhoid ku Ndirande ndi Zingwangwa mu 2018. Ana opitirira 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12, theka anabayidwa wa typhoid, theka linalo sanabayidwe madzi ayi, analandira katemera wa matenda oumitsa khosi. Zotsatira zinaonetsa chitetezo cha pafupifupi 80 peresenti, ndipo mu May 2023 boma linayamba kubaya katemerayu dziko lonse. Ana a ku Ndirande anapereka mkono, ana a Malawi yense nkupindula. Pomwe kafukufuku akuyesa chinthu choti kuno sichidzafika chifukwa cha mtengo, pamenepo ine ndili mbali ya a Chatsika.

MayiWaAtatu

Ine ndinalowako ndili woyembekezera mwana wachiwiri nde ndingokuuzani mmene zinalili osawonjezera. Tsiku loyamba anandikhazika mu kachipinda kuseri kwa kiliniki muli tebulo, fani ndi kafiriji, nesi anandiwerengera pepala lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi kenako analitembenuza nkunena kuti tsopano mundiuze inuyo zomwe mwamva, mukafuna kusiya mutani, magazi tikutengani kangati, mukudziwa gulu lomwe mukhale? ndinati ayi, iye anaseka akuti eya ngakhale ine sindikudziwa. Pamenepo palibe chomwe ndingawanenere, anachita zonse mwadongosolo ndipo palibe anandiopseza.

Koma ndinene chilungamo, ine sindinalowe kuti ndithandize sayansi ayi. Ndinalowa chifukwa kumeneko umafika nkupatsidwa mpando, amakutchula dzina, BP akuyeza ulendo uliwonse, sikani akupanga, mankhwala alipo, mutu ukawawa usiku uli ndi nambala yoimba munthu nkuyankha, pomwe kuseri kwa khoma lomwelo anzanga ali pabenchi kuyambira m'mamawa kudikira nesi mmodzi. Nde akamati muli ndi ufulu wokana, zoona ulipo, koma ukukana chiyani? ukukana dokotala. Munthu woti mimba yoyamba inandivuta ndikanakana bwanji. Panali mwezi wina mapiritsi ankandinyansa kwambiri mseru osatha ndipo maganizo osiya anabwera, koma ndikaganiza zobwerera pabenchi paja ndinkangomeza. Nesi ankandifunsa ndithu kuti mukufunabe kupitiriza, ine eya. Kaya pamenepo munganene kuti ndinasankha mwaufulu kaya ayi, ine mpaka pano sindimadziwa, ndipo mng'ono wanuyo ndikumumvetsa kwambiri chifukwa nayenso chomwe waona ndi mwana wodwala ndi famase.

China choti akonzekere ndi pakamwa pa anthu. Ankabwera kudzandiona kunyumba ndi galimoto yoyera yolembedwa m'mbali, ikangoima ana onse a mu layini mwathu kuthamangira, amayi kutuluka ndi zitenje m'manja, mawa lake kumpopi nkhani ili ponseponse kuti ndikugulitsa magazi, ena akuti ndili ndi kachilombo nchifukwa akundiyendera. Ndinawauza a kafukufukuwo ndipo anamva, anayamba kusiya galimoto kumsika nkubwera wapansi munthu mmodzi wopanda yunifomu. Nde akamufunsa zoti tizibwera kunyumba, adziwe kuti atha kunena mmene akufunira.

Chomwe chinandiwawa nchakumapeto. Mwana atabadwa nkukwanitsa miyezi yomwe ankafuna anatithokoza bwinobwino, basi zatha, kubwerera pabenchi. Zotsatira anati adzatiitana kudzatiuza, ine sindinaitanidwe, kaya anaimba foni itatayika kaya. Mpaka lero sindidziwa kuti mapiritsi ndinkamwa aja anali enieni kapena ayi ndiponso ngati anathandiza aliyense. Mwana ali bwino ali sitandade 2 pano. Atandifunsanso mwina ndingalowe, koma ndingafunse zambiri kuposa mmene ndinafunsira.

Nankhoma_BT

Zikomo nonse, ndamuimbira mng'ono wanga akuti chidindo chilipo ndi manambala awiri aja alipo. Amayi a atatu mwandikhudza, zomwe mwanenazo ndi zomwe iye akunena. Tsono zatsala ziwiri, ndalama ya thiransipotiyo ndi yoposa yomwe amalipira pa minibasi kupita ndi kubwera, si nyambo imeneyo? Komanso iye akuti angosayina mwakachetechete bambo a mwana asadziwe poti fomu ikufuna siginecha imodzi, zimatheka?

Phiri_wa_CAB

Mayi Nankhoma, zachiwirizo muletseni chonde. Ine ndimakhala mu komiti ya anthu a m'dera yomwe imalumikiza ofufuza ndi mudzi, ija amati CAB, ndipo milandu yambiri yomwe imatipeza si ya mankhwala ayi, ndi ya m'banja. Zoona mafomu ambiri amafuna kholo limodzi kapena womulera mwana, koma kafukufuku wa mwana ndi wa miyezi, pali maulendo, pali kapulasitala pamkono, pali foni zoimbidwa, abisa mpaka liti? Tinaonapo mayi atabisa fomu mu ndowa ya ufa, bambo nkuipeza, nkhani mpaka kwa ankhoswe, mwana nkutulutsidwa pakati pa mankhwala zomwe zili zoipa kuposa kusalowa kumene. Mlamu wanuyo apite nawo, akafunse yekha mafunso ake onse ngakhale la mbewa lomwelo, ofufuza abwino amakondwa bambo akabwera ndipo ena amamuonetsa mpaka ku labu komwe magazi amapita. Akakanabe, akhale pansi awiriwo, mwina ndi amalume a mwana ngati kwanu mumatero. Mbali inayo nayonso ndinene, amfumu akavomera kuti kafukufuku alowe m'mudzi sizitanthauza kuti avomerera munthu aliyense, ndipo bambo sangasayinire mkazi wake wamkulu ngati mkaziyo sakufuna.

Za ndalama, cholinga chake nkubweza zomwe munthu wataya, minibasi, chakudya cha tsikulo, ndi geni yomwe yaima poti wakhala kuchipatala mpaka masana. Cha mu 2017 NHSRC inanena kuti pa ulendo uliwonse azipereka yofanana ndi madola 10, ndipo mkangano unalipo, ena akuti kumudzi ndalama imeneyo ndi yambiri moti munthu avomera asanamve nkomwe zoopsa zake, ena akuti kumupatsa munthu zochepa chifukwa ndi wosauka nkumudyera masuku pamutu, mzungu wa ku London akalowa kafukufuku amamupatsa zingati? Ine ndili mbali yachiwiriyi. Koma muyeso wake ngwophweka, mng'ono wanu adzifunse kuti pakanapanda ndalamayi ndikanalola mwana wanga kumwa mankhwalawa? Ngati yankho ndi ayi, asalowe.

Mayi anu musawaseke. 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu, mpaka a UN anachotsa antchito awo m'maboma ena, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ambiri ankaopa kulowa m'midzi ndi zida zawo. Munthu akaona magazi akutengedwa, kuikidwa mu kabokosi kozizira, kukwera galimoto, osabweranso wina kudzanena kuti tinapeza zakuti, mutu umadzaza wokha. Nchifukwa chake zomwe adandaula amayi a atatu ife timalimbana nazo pa msonkhano uliwonse, kubweza zotsatira kwa anthu ndi udindo, si ulemu chabe. Afunse asanasayine kuti zotsatira tidzazimva liti, kuti, ndipo mudzatiuza gulu lomwe mwana anali?

Mjoni_Chatsika

A dokotala a mawa mukuti zonsezo nzakale malamulo anakonza, nanga za katemera wa malungo bwanji simukuzitchula? Katemera ameneyu, wotchedwa RTS,S, anayamba kubayidwa kuno April 2019, pamodzi ndi Ghana ndi Kenya, madera ena akulandira ena ayi kuti ayerekeze, ndipo 2020 magazini ya madokotala ya BMJ inalemba kuti makolo sankasayina chilolezo chilichonse, zinkangotengedwa kuti mayi akabwera ndi mwana kusikelo ndiye kuti wavomera, chonsecho kafukufuku wam'mbuyo anali ataonetsa zokayikitsa pa matenda oumitsa khosi ndi imfa za ana aakazi. A WHO anayankha kuti sanali kafukufuku, anali katemera wovomerezeka woperekedwa ndi maunduna a zaumoyo. Nde mwaona, chinthu ukangochitcha dzina lina fomu ija yasowa. Gawo 19 lanu lija linali kuti?

Nesi_Nabanda

Achimwene pamenepo sindikutsutsani, nkhani imeneyo ngakhale akatswiri a zamalamulo a kafukufuku anagawanika, ndipo ine maganizo anga ndi oti makolo ankayenera kuuzidwa momveka za zokayikitsa zija, kaya pali siginecha kaya palibe. Kungomalizitsa nkhaniyo, ana ambirimbiri atabayidwa zokayikitsazo sizinaonekenso ndipo October 2021 WHO inavomereza katemerayu kuti agwiritsidwe ntchito. Kuti zinatha bwino sizikuchotsa funso lanu, koma musaopsezenso amayi kusikelo, katemerayu pano ndi wa masiku onse. Zoti dziko ndi laling'ono nzoonanso, nchifukwa chake membala wa komiti amene akukhudzidwa ndi kafukufuku yemwe akukambidwa amayenera kunena nkutuluka panja, ndipo makafukufuku a ndalama zakunja amawunikidwanso ndi komiti ya kwawoko kuphatikiza ma monita obwera kudzafufuza mafayilo tsamba ndi tsamba, siginecha ikasowa deti lokha umayankha mlandu. Komwe ine ndimaona kuti nkofooka ndi kuyendera, makomiti athu anthu ndi ochepa makafukufuku ndi ambiri, sangafike paliponse pafupipafupi, nde dandaulo la mayi mmodzi woimba foni limalemera kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

A Nankhoma ndinaiwala za magazi opita kunja. Zimachitika pomwe makina oyezera chinthu chinachake kuno kulibe, koma samangonyamula mu chikwama, pamakhala mgwirizano wolembedwa wotchedwa MTA womwe komiti imayenera kuvomereza, wonena kuti akupita labu iti, kukayezedwa chiyani, ndipo otsala atani nawo. Pachubu sipalembedwa dzina la mwana, pamakhala nambala. Mng'ono wanu afunse zinthu izi, akayeza chiyani kwenikweni, asunga zaka zingati, ndipo akatuluka mu kafukufuku magazi omwe anatengedwa kale atayidwa kapena ayi. Mafomu ambiri nkhani yosunga magazi amaiika payokha ndi timabokosi ta eya ndi ayi, kutanthauza kuti atha kulola mwana kulowa koma nkukana zosungazo. Ngati pafomu yakeyo timabokosito palibe, aimbe nambala ya komiti ija afunse ngati zinavomerezedwa choncho.